Ndinalipira ulendo wotsata mbiri ya Dov Hoz ku Tel Aviv: ndege tinazimva bwino, za apantchito zinachepa

Ku Tel Aviv kuli kampani yaing'ono yomwe imayendetsa anthu wapansi mumzinda uku ikuwafotokozera moyo wa munthu mmodzi, Dov Hoz. Ulendowu ndi wa theka la tsiku, umachitika m'Chingelezi, umayambira pa msewu wa Herzl n'kukathera kutsidya kwa mtsinje wa Yarkon komwe kunali bwalo la ndege lotchedwa dzina lake. Mukaphatikiza mtengo wake ndi sitima yochokera kum'mwera komanso kachakudya ka masana, ndalama yake imayandikira malipiro a tsiku lathunthu la pa famu, ndiye si chinthu choti munthu n'kungochilumphira. Ndikulemba izi kuti anzanga amene mukugwira ntchito m'minda ya kuno ku Israel, ngakhalenso inu obwera pa maulendo a mpingo, mudziwe chomwe mukugula. Ndalama yanga sinapite pachabe, zimenezo ndinene msanga. Koma munthu amene ndinapita kukamumva anali wa mbali ziwiri, mtsogoleri wa apantchito komanso woyambitsa za ndege, ndipo mbali yoyambayo inangokhudzidwa mothamanga.

Chimene chinandikoka n'chakuti ndinakulira ku Thyolo, m'nyumba momwe mawu akuti yuniyoni ankatchulidwa pafupipafupi. Bambo anga ankagwira ntchito pa esiteti ya tiyi ndipo anali m'komiti ya apantchito. Choncho nditamva kuti munthu amene anayambitsa kampani ya ndege analinso wa yuniyoni, ndinafuna kudziwa kuti ziwirizi zinakumana bwanji mwa munthu mmodzi. Kwathu wa yuniyoni amadziwika ndi kukambirana za malipiro ndi kutsogolera sitalaka, osati kugula ndege.

Kulembetsa kunali kovutirapo. Kampaniyi imangolandira ndalama pa intaneti kudzera pa khadi, ndipo ambiri a ife amene tinabwera posachedwa tilibe khadi lotere. Ndinachita kupempha mnzathu wina wa ku Thailand amene wakhalitsa kuno kuti andilipirire, ine n'kumubwezera pamanja. Chachiwiri, uthenga wotsimikizira malo sunanene kuti ndalama yolowera m'nyumba yosungiramo mbiri yakale ndi yapadera. Si ndalama yambiri, koma munthu wowerengera shekel iliyonse amafunika kuuzidwiratu.

Wotitsogolera anali mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, wonyamula chikwama chodzaza ndi zithunzi zakale zokutidwa ndi pulasitiki. Zithunzizi ndiye chuma chenicheni cha ulendowu, chifukwa malo ambiri amene Hoz anakhalamo kapena kugwiramo ntchito anagwetsedwa kalekale. Tisanayambe kuyenda anatisonyeza chikwangwani cha malo obisalamo apafupi n'kutiuza chochita ngati sayirini yochenjeza za mabomba italira, ndipo anachita chimodzimodzi pa malo alionse amene tinaima. Ndinamuyamikira pa zimenezi.

Poyambira penipeni ndi pansi pa nsanja yaitali ya Shalom Meir. Pamalo amenewa panali sukulu ya sekondale ya Herzliya, yomwe inayamba mu 1905 ku Jaffa n'kusamukira pano mu 1909, chaka chomwe Tel Aviv anakhazikitsidwa. Nyumba ya sukuluyo inagwetsedwa kuti pamangidwe nsanjayi, yomwe inatha mu 1965. Mayiwo anakweza chithunzi cha sukulu m'mwamba moyang'anizana ndi nsanja, n'kuyamba nkhani. Hoz anabadwa mu 1894 ku Orsha, tauni yomwe lero ili m'dziko la Belarus koma nthawiyo inali pansi pa ufumu wa Russia. Banja lake linasamukira ku Palestine mu 1906, dzikolo lili m'manja mwa ufumu wa Ottoman. Iye anali m'kalasi loyamba kumaliza maphunziro pa sukuluyi mu 1913, pamodzi ndi Eliyahu Golomb ndi Moshe Shertok, amene pambuyo pake anasintha dzina kukhala Sharett n'kudzakhala nduna yaikulu yachiwiri ya Israel.

Atatuwa sanasiyane mpaka imfa, ndipo ubwenzi wawo unasanduka ubale. Hoz anakwatira Rivka, mlongo wake wa Sharett, Golomb n'kukwatira Ada, mlongo winanso wa pakhomo lomwelo. Nyumba ya banja la Shertok ikadalipo pa nambala 23 mumsewu wa Rothschild, ndipo Golomb ankakhala momwemo, kunyumba kwa akazi ake, chikamwini chenicheni ngati cha kwathu. Misonkhano yachinsinsi ya Haganah, gulu lankhondo la Ayuda lomwe linayamba mu 1920, inkachitikira m'nyumbamo, ndipo lero ndi nyumba yosungiramo mbiri ya gululo. Zipinda za Golomb zinasungidwa ndi mipando yake. Ukaima mkatimo umaona kuchepa kwa malo, n'kuzindikira kuti zinthu zikuluzikulu za dziko lino zinkakambidwa ndi anthu ochepa odziwana kuyambira kusukulu, ena a iwo alamu.

Apa ndiye panathera nthawi yochuluka kwambiri. Gulu lathu linali ndi alendo a ku America okonda nkhani za mfuti, ndipo mafunso awo anamukoka mayi uja. Tinamva za momwe zida zinkabisidwira, za maphunziro ausiku, za akaidi. Za Hoz mwiniwake tinamva kuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anali msilikali waudindo m'gulu lankhondo la Ottoman, kuti anaweruzidwa kuti aphedwe koma anathawira kumbali yomwe Britain inali italanda kale, ndiponso kuti anali m'gulu la okopa achinyamata kuti alowe m'magulu a Ayuda a m'gulu lankhondo la Britain mu 1918. Zonsezi ndi mbali ya moyo wake, sindikukana. Koma titatuluka, dzuwa linali litakwera ndipo mayiwo anayamba kuyang'ana wotchi, ndiye zimene zinatsatirazo zinadulidwa.

Zimene zinadulidwazo ndi zomwe ine ndinapitira. Mu 1919 Hoz anali m'gulu loyambitsa chipani cha Ahdut HaAvoda, ndipo mu Disembala 1920 ku Haifa kunabadwa Histadrut, bungwe lalikulu la apantchito achiyuda, lomwe David Ben-Gurion anakhala mlembi wake wamkulu kuyambira 1921. Bungweli silinali yuniyoni monga timadziwira ife. Linali ndi thumba la zaumoyo lotchedwa Kupat Holim, banki yake ya Hapoalim yomwe inayamba mu 1921, nyuzipepala ya Davar ya 1925, koparetivi yogulitsa mkaka ndi zokolola ya Tnuva ya 1926, ndi kampani yomanga ya Solel Boneh, yomwe Hoz anali mmodzi wa oitsogolera. Kampaniyi inayamba ngati ofesi yopezera mamembala ntchito za misewu ndi zomangamanga, inagwa mu 1927 chuma chitavuta, kenako inadzukanso mu 1935. Kunena kwina, bungwe la apantchito linali bwana wolemba anthu ntchito, chipatala, banki ndi sitolo nthawi imodzi. Ukamvetsa zimenezi, nkhani ya ndege sikudabwitsanso. Anthu amene anazolowera kuti chosowa chilichonse amayambitsira kampani yawoyawo, atasowa ndege anayambitsanso kampani. Mayiwo anafotokoza zonsezi tikuyenda, m'phokoso la magalimoto, timakina ta m'makutu tomwe anatipatsa tikungodukiza mawu. Amene anali kumbuyo sanamve kanthu.

Malo amene anandikhutitsa kwambiri ndi pamphambano ya misewu ya Frishman ndi Dov Hoz. Msewu wa dzina lakewu ndi wabata, wamitengo, ndipo pomwepo pali nyumba za apantchito zomwe zinamangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1930, zojambulidwa ndi Arieh Sharon, katswiri amene anaphunzira pa sukulu ya Bauhaus ku Germany. Ndi nyumba zosanja zochepa chabe, zozungulira bwalo lapakati pomwe pali udzu ndi mitengo. Mabanja a apantchito ankakhala mmenemo ngati koparetivi, ndipo zinthu monga sitolo, kochapira ndi sukulu ya mkaka zinali zogawana. Mayiwo anatilowetsa pabwalopo n'kutipempha kuti tichepetse mawu chifukwa anthu akukhalamobe. Ndinaganiza za malayini a pa esiteti pomwe ndinakulira, ndiponso za makontena omwe ambiri a ife tikugonamo m'mafamu muno, ndipo ndinaona kuti anthu amenewa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu wogwira fosholo ayenera kugona m'nyumba yolowa mphepo ndi kuwala. Nyumba zamtunduwu ndi mbali ya chimene chinachititsa UNESCO kuika pakati pa mzinda wa Tel Aviv pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 2003. Lero nyumba za m'dera limenelo mtengo wake wantchito wamba sangaufikire. Tinaima pamenepo kanthawi kochepa kwambiri, pomwe ndi pamalo pamene pankayenera kukhala mtima wa ulendo wonse.

Pabwalo lomwelo ndinafunsa funso lomwe linkandivutitsa. Ndinati, "Mayi, pepani ndifunse nawo. Bungwe limeneli linali la apantchito onse, kapena la Ayuda okha? Nanga Aluya amene ankathyola malalanje ndi kunyamula katundu padoko anali kuti?" Anakhala chete pang'ono, kenako anayankha mosabisa, ndipo pa ichi ndimamulemekeza. Anati Histadrut inali ya apantchito achiyuda, ndipo mfundo yake yaikulu inali yomwe ankaitcha avoda ivrit, yoti mabwana achiyuda azilemba ntchito Ayuda. Chifukwa chake chinali chakuti obwera kuchokera ku Europe sakanatha kupikisana ndi alimi achiluya omwe ankalandira malipiro otsika komanso ankaidziwa bwino ntchito ya kumunda, ndipo popanda ntchito akanabwerera. M'zaka za m'ma 1930 mamembala ankaima pazipata za minda ya malalanje, monga ku Kfar Saba, kutsekereza Aluya kuti asalowe kukagwira ntchito. Panali kabungwe kapadera ka apantchito achiluya komwe Histadrut inakakhazikitsa pambali, koma Aluya analoledwa kukhala mamembala enieni mu 1959, Hoz atamwalira kalekale.

Yankholo linali loona, koma chondikhumudwitsa n'chakuti likanapanda funso langa silikanatuluka. Silinali m'dongosolo la ulendo. Kwa ine imeneyi si nkhani yapambali. Munthu wa yuniyoni amene amamenyera wantchito mmodzi ufulu potsekera wina chipata ali ndi mlandu woti ayankhe, ngakhale zifukwa zake zikhale zomveka. Ndipo zifukwa za anthu a m'badwo wa Hoz ndimazimvetsa. Ankachokera ku Russia komwe Ayuda ankaphedwa m'zipolowe, ndipo m'zaka zomaliza za moyo wake zipata za mayiko zinkatsekeka pamaso pa Ayuda othawa Hitler. Ankafuna malo oti anthu awo athawireko n'kudzidyetsa okha. Koma wonyamula katundu wa ku Jaffa uja nayenso anali ndi ana kunyumba, ndipo dziko limenelo linali kwawo. Ulendo wonena za mtsogoleri wa apantchito uyenera kuika zinthu ziwirizi pamodzi, womvera adziweruzire yekha.

Ndilinso ndi chifukwa changa chomwe nkhaniyi imandikhudzira. Ife Amalawi tinayamba kubwera mwaunyinji m'minda muno kumapeto kwa 2023, Hamas itachita chiwembu cha pa 7 Okutobala ndipo nkhondo ya ku Gaza itayamba. Antchito ambiri a ku Thailand anabwerera kwawo, ena a iwo ataphedwa ndi kugwidwa, ndipo Apalestina amene ankabwera kudzagwira ntchito analetsedwa kulowa. Choncho funso loti ndani athyole zipatso za m'dziko lino, ndipo ndani atsekeredwe panja, ndi lomwe lija la masiku a Hoz, kungoti lero pamzerepo pali ife. Loto lake loti Myuda azilima yekha munda wake linazirala, minda yambiri ikuyenda ndi manja a alendo. Mayiwo anandiuza kuti Histadrut inayamba kulandira antchito ochokera kunja ngati mamembala mu 2009, ndipo anatchulanso bungwe la Kav LaOved lomwe limathandiza antchito pa nkhani za malipiro ndi mapangano a ntchito. Anandilembera dzinalo papepala. Imeneyo inali mphatso yomwe sinali pa mtengo wa ulendo.

Nkhani ya ku London anaifotokoza mokoma, tili pamthunzi, ndipo ndi yomwe inandionetsa luso lenileni la Hoz. Iye ankatumidwa ku Britain kukaimira gulu la apantchito achiyuda, ndipo anapanga ubale ndi akuluakulu a chipani cha Labour ndi mayuniyoni a kumeneko. Mu Okutobala 1930 boma la Labour la Ramsay MacDonald linatulutsa chikalata cha Passfield, chomwe chinkafuna kuchepetsa kubwera kwa Ayuda ndi kugula malo ku Palestine, dziko lomwe nthawiyo linali pansi pa ulamuliro wa Britain. Zinangochitika kuti mu Disembala chaka chomwecho kunali chisankho chachibwereza ku Whitechapel, dera la London lokhala Ayuda ambiri, ndipo woimira Labour anali wochokera ku yuniyoni ya zamtengatenga yotsogozedwa ndi Ernest Bevin. Hoz anakambirana ndi Bevin, ndipo Bevin analonjeza kuti aphungu a yuniyoni yake sadzachirikiza zoletsazo. Labour inapambana mpandowo, ndipo mu Febuluwale 1931 MacDonald analemba kalata kwa Chaim Weizmann, mtsogoleri wa gulu lomenyera Ayuda dziko lawo, yofewetsa kwambiri chikalata chija. Kalatayo sinabwere chifukwa cha Hoz yekha, panali ambiri okankha, koma iye anadziwa khomo loyenera kugogoda. Bevin yemweyo, atakhala nduna ya zakunja mu 1945, anadzakhala munthu wodedwa kwambiri ndi Ayuda a ku Palestine chifukwa chotsekera opulumuka m'misasa ya Nazi. Hoz sanakhale ndi moyo kuti aone zimenezo.

Za udindo wake ngati wachiwiri kwa meya wa Tel Aviv, kuyambira 1935 mpaka imfa yake, zinangotchulidwa m'chiganizo chimodzi tikuthamangira basi.

Basiyo inatitsitsa ku doko lakale la Tel Aviv, komwe lero kuli malo odyera ndi masitolo, ndipo kuyambira apa mayi uja anafika pa nkhani yomwe amaidziwa bwino kwambiri. Mu Epulo 1936 Aluya a ku Palestine anayamba sitalaka yaikulu yomwe inatenga miyezi 6, chiyambi cha kuukira ulamuliro wa Britain komwe kunafika 1939. Doko la Jaffa linaima, ndiye Ayuda anamanga doko lawo pano. Misewu inakhala yoopsa, ngakhale wopita ku bwalo la ndege la Lydda, ndipo midzi yakutali ya Ayuda inkatha kudulidwa osafikika. Chaka chomwecho cha 1936 kunakhazikitsidwa kampani ya ndege ya Aviron, mothandizana pakati pa Histadrut, bungwe loimira Ayuda la Jewish Agency ndi khonsolo ya Ayuda ya Vaad Leumi, ndipo Hoz anali mtsogoleri wake pamodzi ndi Yitzhak Ben-Yaakov wa ku Degania. Boma la Britain silikanalola kuti Haganah ikhale ndi ndege, koma kampani wamba ndi sukulu yophunzitsa kuyendetsa ndege zinali zololedwa. Anayamba ndi kandege ka Tiger Moth, kenako anagula ndege zazing'ono za mtundu wa RWD ku Poland, ndipo maphunziro ankachitikira m'chigwa cha Jordan, dera la Degania ndi Afikim, kutali ndi maso ambiri. Mayiwo anatipatsa zithunzi kuti tizipatsirana, anyamata ovala akabudula atazungulira kandege pa bwalo lafumbi. Oyendetsa ndege ophunzitsidwa kumeneko, pamodzi ndi ndege za Aviron, ndi amene anakhala maziko a Sherut Avir mu Novembala 1947, nthambi ya ndege ya Haganah yomwe inasanduka gulu lankhondo la mumlengalenga la Israel mu 1948.

Gawo limeneli linali lolongosoka kuposa onse, ndipo amene amakonda za ndege adzakhuta. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti Hoz sanali munthu wongotengeka ndi makina. Ankaona ndege ngati msewu wina, monga momwe Solel Boneh inkamangira misewu yapansi, ndipo ankadziwanso bwino lomwe kuti msewu umenewo udzagwira ntchito pa nkhondo. Mayiwo sanabise mbali ya nkhondoyo.

Tinawoloka Yarkon pa mlatho wa anthu oyenda pansi n'kudutsa pafupi ndi siteshoni ya magetsi ya Reading, yomwe kampani ya Pinhas Rutenberg inamanga mu 1938. Kuseri kwake ndi komwe kunatsegulidwa bwalo la ndege la mzindawu chaka chomwecho, lomwe pambuyo pa imfa ya Hoz linatchedwa Sde Dov. Apa ndichenjeze aliyense: bwalolo kulibe. Linatsekedwa pakati pa 2019, ndege zopita ku Eilat, mzinda wa kum'mwera kwenikweni kwa dziko lino, zinasamutsidwira ku bwalo la Ben Gurion ngakhale anthu a ku Eilat anadandaula kwambiri, makamaka odwala amene ankadalira njira yachidule imeneyi pofika ku zipatala za Tel Aviv. Malowo akumangapo nyumba zogona pafupifupi 16,000. Chimene mudzaone ndi mpanda, mchenga, makina omangira ndi nyanja kumanzere. Kutsatsa kwa kampaniyi kumatchula bwalo la ndege ngati kuti mudzaponda pomwe ndege zinkatera, ndipo mlendo wina m'gulu lathu anakwiya nazo ndithu. Akanangolemba zoona, palibe akanadandaula, chifukwa ndi zithunzi zija m'manja malowo amamvekabe. Ndinaonanso kuti mayiwo sanatchule mudzi wachiluya wa al-Shaykh Muwannis, womwe unali kumpoto kwa mtsinje womwewu chapafupi, anthu ake n'kuchoka mu 1948, pamalo pomwe lero pali yunivesite ya Tel Aviv. Munthu woima kutsidya la Yarkon kufotokoza za m'ma 1930 sayenera kuudumpha mudzi umenewo.

Imfa ya Hoz anatiuza tili pampanda pomwepo. Kumapeto kwa Disembala 1940, ali ndi zaka 46, anafa pa ngozi ya galimoto. Pangozi yomweyo panafanso mkazi wake Rivka, mwana wawo wamkazi Tirza, achibale ena a banja la Shertok, ndi mnzake wa ku Aviron uja, Ben-Yaakov. Kampani ya ndege inataya atsogoleri ake awiri tsiku limodzi, ndipo Sharett anataya mlongo ndi mlamu. Kibbutz (mudzi wolima ndi kugawana zinthu pamodzi) ya Dorot, yomwe inakhazikitsidwa mu 1941 pafupi ndi Sderot, dzina lake linapangidwa ndi zilembo zoyamba za Dov, Rivka ndi Tirza. Anzathu amene mukugwira ntchito chakum'mwera kumeneko mwina mwaliona dzinali pa zikwangwani za mumsewu kapena pa mapaketi a adyo wowumitsidwa mufiriji. Golomb naye sanakhalitse, anamwalira mu 1945, dziko lomwe ankalimenyera lisanabadwe. Mwa anzake atatu a m'kalasi lija, Sharett yekha ndi amene anafika 1948.

Manda a Hoz ali ku manda akale a mumsewu wa Trumpeldor, omwe anatsegulidwa mu 1902, komwenso kuli Golomb, Sharett, meya woyamba wa mzindawu Meir Dizengoff ndi mtsogoleri wina wa apantchito Haim Arlosoroff. Mandawo ali pa pulogalamu ya ulendo, koma tinawalambalala chifukwa cha nthawi yomwe inathera pa mfuti ija. Mayiwo anapepesa n'kutisonyeza pa mapu kuti amene akufuna apite yekha. Ine sitima inali itayandikira.

Zina zing'onozing'ono zoti mudziwe. Mayendedwe ndi aatali ndipo mayiwo amayenda mofulumira kuposa msinkhu wake, ndiye okalamba a pa maulendo a mpingo akhoza kuvutika. Palibe nthawi yopuma yeniyeni kupatula pa basi, ndipo madzi muzinyamula nokha. Basi ya pakati pa ulendo mumalipira nokha ndi khadi la Rav-Kav, onetsetsani kuti muli ndalama musananyamuke. Zakudya za ku doko ndi zodula kwambiri kwa thumba lathu, bola kugula falafel m'timalo ta m'misewu ya mkati musanafike kumeneko. Chingelezi cha mayiwo ndi chomveka bwino, sathamanga polankhula, ndipo ukamufunsa kuti abwereze sanyinyirika. Lachisanu musasankhe, chifukwa sitima ndi mabasi ambiri amaima masana Sabata lisanalowe, ndipo wochokera kumafamu akutali akhoza kusowa chobwererera.

Kwa munthu wongofuna kuona mzinda ndi kujambulitsa zithunzi kunyanja, ulendowu si wake, ndalamayo akhoza kuigwiritsa ntchito bwino kwina. Koma amene munakhalapo m'komiti ya apantchito, ophunzira za ulimi amene mumamva mawu akuti kibbutz ndi moshav tsiku ndi tsiku osadziwa kuti zinachokera kuti, ndi aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chake banki, chipatala ndi kampani ya mkaka za m'dziko lino zili ndi mizu mu yuniyoni, pitani. Mukasonkhana anthu angapo kampaniyi imalola ulendo wa gulu lanu lokha, ndipo imeneyo ndi njira yomwe ndikulangiza. Polembetsa muwauziretu kuti achepetse nthawi ya pa Rothschild, awonjezere ya pa Frishman, asadumphe manda a Trumpeldor, ndipo nkhani ya antchito achiluya ailowetse m'dongosolo kuyambira pachiyambi, asadikire kuti wina aifunse.